Loweruka la R-Type ya pa kaseti

Kamvula kakhala kakuwaza kuyambira mbandakucha, monga mwa masiku onse kuno ku Leeds, ndiye ndinatsitsa katoni ija ndinagula pa car boot sale, msika wa katundu wakale, mwezi watha. Muli Amstrad CPC 464, kompyuta ya 1984 yokhala ndi poikira kaseti chakumanja kwa kiyibodi, pamodzi ndi mulu wa makaseti a magemu. Mphwanga, mwana wa achemwali anga, wadzacheza kumapeto a sabata ano, ndipo iye ndi amene anasankha kaseti ya R-Type chifukwa cha chilombo chojambulidwa pachikuto.

Tisanayatse, ndinayamba ndamuonetsa R-Type yeniyeni pa laputopu kudzera mu MAME, pulogalamu yotsanzira makina akale a magemu. Iyi ndi ija anapanga a Irem ku Japan mu 1987, ya makina oponya ndalama otchedwa arcade. Kandege kako, R-9, kamauluka kulowera kumanja, adani otchedwa Bydo akubwera mbali zonse. Ukapanikiza batani osalisiya, mphamvu imaunjikana n'kutuluka ngati chipolopolo chimodzi chachikulu. Palinso kampira kotchedwa Force, kamene umakamata kutsogolo kapena kumbuyo kwa ndege, apo ayi kukaponya pakati pa adani kuti kazikugwirira ntchito. Mnyamata anafa kangapo asanafike kwa Dobkeratops, chilombo chamchira wautali chakumapeto kwa gawo loyamba, koma sanafune kusiya.

Kenaka tinapita pa Amstrad. CTRL ndi ENTER yaing'ono, kudina PLAY, basi kudikira. Ndinafika pothira tiyi mpaka kumwa kaseti ikuzungulirabe. Gemu itatseguka mphwanga anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana ine.

"Amalume, yawonongeka?"

"Sinawonongeke, ndi mmene anaigulitsira. Tasewera."

Bwalo losewerera ndi laling'ono, mitundu ndi yowerengeka, nyimbo ija inatipatsa mphamvu pa laputopu kulibe, kwangotsala timaphokoso ta mfuti. Choipitsitsa ndi liwiro. Adani akachuluka zonse zimayenda modukizadukiza, umakankha joystick ndege n'kuyankha mochedwa, ndipo umafa ndi chipolopolo chimene unachiona kalekale. Gemu yowombera ikataya liwiro palibe chotsala. Zili ngati nsima yosapsa: ufa ndi womwewo, mbale ndi yomweyo, koma sumeza.

Masana, iye atabwerera ku foni yake, ndinakhala pansi n'kumaganizira mmene zinafikira pamenepa. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti makompyuta apanyumba anali ofooka, ndipo n'zoona kuti anali kutali ndi makina a arcade. Bolodi ya Irem inali ndi purosesa ya 16-bit ndi tchipisi tapadera tojambula zithunzi, pamene CPC 464 ili ndi purosesa imodzi ya Z80 ndi memory ya 64K basi. Koma chifukwa chimenechi pachokha sichikwanira. ZX Spectrum, kompyuta ina yapanyumba ya nthawi imeneyo, ili ndi Z80 yomweyo, yochedwerapo pang'ono, ndipo imalola mitundu iwiri yokha pa kabokosi kalikonse ka madontho 8 mulitali ndi 8 mulifupi. Komabe R-Type imene Bob Pape analemba pa Spectrum mu 1988 mpaka lero imatamandidwa ngati imodzi mwa ntchito zapamwamba pa makinawo. Ndinaiyatsa mu Fuse, pulogalamu yotsanzira Spectrum, kuti nditsimikize, ndipo inde, imathamanga, Force ikumvera bwinobwino.

Vuto la ya Amstrad n'lakuti siinalembedwere Amstrad. Popeza makina awiriwa ali ndi purosesa yofanana, makampani ankatenga pulogalamu ya Spectrum n'kuisamutsa mmene ilili, zimene eni ma CPC ankazitchula monyoza kuti "Speccy port". Sikirini ya Spectrum imadya malo osakwana 7K, ya CPC imadya 16K. Ndiye purosesa imagwira ntchito yonse ya Spectrum, n'kusenzanso katundu womasulira chithunzi chilichonse kuti chikwane pa sikirini yolemera kuposa kawiri. Makina okhala ndi mitundu 27, otha kuonetsa 16 nthawi imodzi, ankangotsanzira mnzake wosauka, n'kumatsanzira mochedwa.

Munthu amene anapatsidwa ntchitoyi anapatsidwa masabata atatu okha. Ine sindimuimba mlandu, m'malo mwake ndimadabwa kuti gemu inatha kuyenda n'komwe. Ndalama zambiri zinkathera kugula chilolezo cha dzina, ndipo kaseti inkayenera kukhala m'sitolo anthu asanaiwale dzinalo. Pachikuto cha magemu ambiri a nthawi imeneyo ankaikapo zithunzi za arcade kapena za Amiga, kompyuta yamphamvu kuposa izi, ndi timalemba tating'ono tonena kuti zithunzi zikhoza kusiyana. Mwana ankapereka ndalama zake zosunga miyezi, n'kukazindikira ali kunyumba.

Titadya chamadzulo ndinamuitananso mphwanga. Mu 2012 kagulu ka anthu okonda CPC kotchedwa Easter Egg kanatulutsa R-Type ina, yolembedwa mwatsopano. Imafuna 128K, choncho pa 464 yanga singayende, tinaiyatsa mu WinAPE, pulogalamu yotsanzira Amstrad, ngati CPC 6128. Nyimbo zilipo, mitundu yadzaza, ndege ikumvera dzanja. Purosesa ndi Z80 yomwe ija. Zoona, iwo anali ndi memory yowirikiza, zida zamakono zolembera mapulogalamu, ndiponso panalibe bwana wowaima pamsana ndi kalendala, ndiye kuyerekezaku sikwachilungamo kwenikweni. Koma kukuonetsa kuti makinawa ankatha, akadangopatsidwa nthawi.

Apa mnyamata anamugwetsa Dobkeratops. Anachita kuponya Force pamimba pa chilombocho n'kuisiya pomwepo, njira imene ine sindinamuuze. Wakana kukagona mpaka aone gawo lachitatu, lija la chisitima chachikulu cha m'mlengalenga chodzaza sikirini yonse.

Lamba wa poikira kaseti wayamba kulira, ndiyenera kuitanitsa wina sabata ya mawa. M'katoni muja mwatsala After Burner ndi Space Harrier, ndipo mphwanga wanenetsa kuti mawa tikaweruka ku tchalitchi tiyambe ndi After Burner.