Boti lafika pati: malita, pulopela ndi zigubu za madzi pa Vaal

Thanki yatsopano yalowa, ngolo yaikidwa mabeyaringi ena, ndipo chiphaso cha boti cha chaka chino chatuluka. Cholinga chikadali chomwe chija: kulikoka kuchoka kuno ku Joni, kukalitsitsa pa Monkey Bay, n'kuyenda nalo pang'onopang'ono mpaka ku Chilumba, kugona m'madoko ndi m'magombe, ndi kupatukira ku Likoma nyanja ikalola. Kwa amene simunalionepo, ndi boti la fiberglass la mamita 6, lokhala ndi kachipinda kutsogolo komwe anthu awiri angagone mopanikizana, ndipo kumbuyo kuli injini ya four-stroke ya 115 hp (hp ndi muyezo wa mphamvu ya injini). Ndinaligula lakale, kwa mkulu wina amene ankangolisunga pansi pa lona.

Za mapepala ndingodutsapo. Kuno ku South Africa, boti la injini yopitirira 15 hp sungaliyendetse wopanda laisensi ya skipper, kutanthauza woyendetsa boti, ndipo oyang'anira zimenezi ndi a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha maulendo a pa madzi. Yanga ndi ya Category R, ya m'madamu ndi m'mitsinje. Botilo nalo limayesedwa chaka ndi chaka: woyesa amawerenga majekete oyandamitsa, amaona chozimitsira moto, nangula ndi chingwe chake, n'kufunsa pepala lotsimikiza kuti boti litadzaza madzi silingamire. Chimene ambiri amadzachidziwira panjira ndi cha ngolo. Ikapitirira makilogalamu 750, laisensi ya galimoto ya Code B siyikwana, pamafunika EB. Ngolo ya boti ngati langali imapitirira kutalitali.

Sukulu yanga ndi Vaal Dam. Ndikanyamuka ku Turffontein kusanache, n'kutsika ndi R59 kudzera ku Vereeniging, ndimafika pa Deneysville dzuwa litangotuluka. Damuli linamalizidwa mu 1938, ndipo ndi madzi ake omwe timamwa ambiri a ife kuno ku Gauteng. Gombe lake limapitirira makilomita 800 chifukwa madzi analowerera m'zigwa za mitsinje ya Vaal ndi Wilge, choncho wofuna kuyeserera ulendo wautali malo amawapeza: uchoke pa Deneysville, uzungulire chilumba cha pakati pa damu, ulowe mkono wa Wilge kuloza ku Oranjeville, ubwerere, tsiku latha. Koma madzi ake sakhazikika. Kumayambiriro kwa 2025 damu linatsika kufika pafupifupi kota, ndipo patangopita miyezi yochepa anali akutsegula zipata chifukwa ladzaza mopitirira. Likatsika, zitsa ndi mipanda ya mafamu akale zimafika pafupi ndi pamwamba, ndipo njira imene unasunga mu GPS chaka chatha ikhoza kukudyera pulopela chaka chino.

Tsopano nkhani imene yandidyera nthawi yambiri. Vaal ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,480 kuchokera pa nyanja ya mchere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita 470 ndi pang'ono. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene wakwera. Ndiye kuti injini yolembedwa 115 imakoka ngati ya 98 pa Vaal, koma ikakafika pa Monkey Bay idzabwerera cha m'ma 109. Poyamba ndinasekerera: mphamvu yaulere! Kenako ndinakumbukira pulopela.

Pulopela imakhala ndi pitch, kutanthauza mtunda umene ikanayenda ikazungulira kamodzi, ndipo amauyeza m'mainchi. Yanga ndi ya 17. Buku la injini likuti ukatsegula mafuta onse, rpm, kutanthauza kangati injini imazungulira pa mphindi imodzi, izikhala pakati pa 5,000 ndi 6,000. Pa Vaal, boti lili lopepuka, imafika cha m'ma 5,800. Ukaipatsa injini yomweyo mpweya wa ku Mangochi, ndi pulopela yomweyo, idzafuna kulumpha malire. Inchi imodzi ya pitch imasintha rpm ndi 150 mpaka 200, ndiye masamu a papepala akuti ndigule ya 19. Koma pa nyanja boti silidzakhala lopepuka. Mudzakhala malita 200 a petulo, madzi akumwa, ufa, mbaula ya gasi, batire yachiwiri, nangula wachiwiri, anthu atatu ndi zikwama zawo. Katundu amatsitsa rpm, mpweya wa kumunsi umaikweza, ndipo ziwirizi zikhoza kungofafanizana. Zimenezi sungazidziwe uli pampando, n'chifukwa chake tinakayesa ndi katundu.

Petulo ndi wopepuka kuposa madzi: lita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 740, ndiye malita 200 ndi makilogalamu 150 osakwana bwino. Sindikanathira petulo wa ndalama zonsezo pongofuna kulemera, choncho tinatenga zigubu za malita 25, zija zogulitsira mafuta ophikira, n'kuzidzaza madzi a m'damu momwemo. Zisanu ndi chimodzi zinaimira petulo, zina zinaimira chakudya ndi munthu wachitatu. Alamu anga ndiwo anali pa ntchito yotunga, thalauza atapinda mpaka m'maondo, madzi a m'mawa akuwaluma miyendo.

"Alamu, anthu amabwera kudamu kudzachotsa madzi m'boti. Inu mukuthiramo?"

"Tungani, alamu. Chimenecho ndi Nkhotakota, chinacho ndi Nkhata Bay."

Titaunjika zonse kumbuyo, pafupi ndi injini, boti linakana kudzuka. Mphuno inaloza kumwamba, kumbuyo kunakumba dzenje m'madzi, injini ikubuula, ife osaona n'kutsogolo komwe, ngati wakabaza amene wanyamula matumba a makala pachitunda. Alamu anayamba kukankhira zigubu kutsogolo chimodzichimodzi, akukwawa. Chachitatu chitangolowa pakhomo la kachipinda, mphuno inagwa, boti linakwera pamwamba pa madzi, phokoso la injini n'kusintha. Pamenepo ndi pomwe tinalemba chizindikiro ndi choko, ndipo thanki yatsopano yakhala pomwepo, pansi pa pulanga, pakati pa boti. Ndi katundu yense, rpm inatsika kufika cha m'ma 5,300. Ndagamula kuti ya 17 ikhalebe, koma ya 19 ndiigulabe. Pulopela yapadera imafunika kale pa ulendo wotere, ndiye bola ikhale yosiyana ndi inzake, ndikasankhe ndili konko.

Za mafuta ndinayeza mwachikale: kuika kathanki kakang'ono pa sikelo tisananyamuke, kuyenda mtunda wodziwika pa GPS ndi liwiro limodzi, n'kukayezanso. Zotsatira zake, ndi katundu, pa madzi abata, zili motere. Pa makilomita 10 pa ola, boti likungoyandama osadzuka, lita imodzi imandiyendetsa makilomita pafupifupi 3. Pa makilomita 35 pa ola, litakwera pamwamba, lita imodzi imapereka kilomita imodzi ndi theka, kupitirirako pang'ono. Koipitsitsa ndi pakati, cha m'ma 16 mpaka 20, pamene boti likulimbana ndi funde lodzipangira lokha: mafuta amapita ambiri, mtunda wochepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti liwiro limeneli ndi lomwe dzanja limathamangira kukakhala mafunde, chifukwa 35 imaswa msana ndipo 10 imatopetsa mtima.

Ndikaika manambalawa pa mapu a nyanja, mutu umayamba kugwira ntchito. Nyanja yathu kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo potambalala kwambiri ndi 75. Poyeza pa mapu, Monkey Bay mpaka Senga Bay ndi makilomita 50 ndi pang'ono, Senga Bay mpaka Nkhotakota akuyandikira 100, Nkhata Bay mpaka Likoma pafupifupi 70, Nkhata Bay mpaka Chilumba cha m'ma 130. Chigawo chachitali ndi Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, pafupifupi 150. Pa liwiro la 35, amenewo ndi maola anayi ndi theka ndi malita pafupifupi 90. Pa liwiro la 10, malita angotsika kufika 50, koma maola ndi 15, pamene dzuwa kwathu limatipatsa 12 basi. Ndiye kuti kupulumutsa mafuta kukutanthauza kulowa mumdima, pakati pa asodzi a usipa ndi nyali zawo ndi zilimira, ndi maukonde otchera amene chizindikiro chake nthawi zina ndi kabotolo kapulasitiki. Chingwe cha ukonde chikakulungika pa pulopela chimadya raba yotchinga madzi ku giya, ndipo mwini ukonde nayenso sangakusekerere. Usiku sindiyenda, zimenezo ndatseka.

Anzathu a maboti ali ndi lamulo logawa mafuta patatu: gawo limodzi popita, lina pobwerera, lachitatu osalikhudza. Pa ulendo wongopita, ine ndikulitenga motere: ndikafika padoko, gawo limodzi mwa atatu likhale likadali m'thanki. Malita 90 aja ndi a madzi abata a pa Vaal. Kukakhala mafunde ndiwonjezerepo, ndiyeno ndiikepo gawo losungira, ndipo ndi mmene ndinafikira pa 200. Ndikanakonda 300, koma walira mvula walira matope: malita enawo ndi kulemera kwina, ndipo boti lolemera limamwa kwambiri. Komanso pa nyanja palibe pampu ya pa jeti monga mmene zilili m'malo ena kuno. Petulo ali kumsewu waukulu, ndipo adzabwera kugombe m'zigubu, pa njinga yamoto. Tonse tikudziwanso mmene mizere ya mafuta yakhalira kwathu zaka zapitazi. Chifukwa cha zigubuzo ndaika sefa yolekanitsa madzi ndi petulo, ya kabakuli koonekera pansi, ndipo ndagula fanulo ya sefa yosalola mchenga.

Chimene Vaal singandiphunzitse ndi mphepo ya kwathu. Pano mafunde amabwera aafupi, othinana, makamaka mphepo ya mu Ogasiti kapena mvula ya mabingu ya masana ikayamba, ndipo amanyowetsa ndithu. Koma gombe limakhala pafupi, mphindi zochepa wabisala. Mwera uli ndi bwalo la makilomita mazanamazana loti uthamangepo, kuchokera kummwera mpaka kumpoto, ndipo umalimba kwambiri miyezi yozizira, Juni mpaka Ogasiti. Sitima ya Vipya inagubuduzika mu Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutsikira kulichete, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo, osati kabafa kangaka. Ilala, imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, nayo imachedwa nyanja ikakwiya. Choncho ulendo ndauika kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, mwera utafooka, mpoto wa nthawi ya mvula usanayambe.

Amalume anga a ku Nkhotakota, amene akalamba ndi nkhafi m'manja, ndimawaimbira Lamlungu madzulo. Nditawawerengera manambala onsewa anangoti, "Mphwanga, zonsezo n'zabwino. Nanga vuma akakupeza pa mchenga wa kuno, boti lakolo ulikoka ndi ndani?" Funso limeneli landisinthira mapulani kuposa GPS. Bwato la asodzi anthu anayi amalikokera kumtunda. Langali, ndi katundu, limapitirira tani, ndipo mphepo yochokera kummawa imaponya mafunde molunjika pa gombe lathu la kumadzulo. Kuyambira Senga Bay kukafika Chintheche magombe ambiri ndi mchenga wotseguka, madzi osaya. Kumpoto kwa Nkhata Bay, cha ku Usisya ndi Ruarwe, ndi zosiyana: mapiri amagwera m'madzi, ndipo mbali imeneyo ndi komwe nyanja imazama mpaka mamita 700, moti ukatalikira gombe pang'ono nangula sapeza pansi. Ndiye ndikufunika anangula awiri osiyana, wina wa mumchenga wina wa m'miyala, tcheni cha mamita angapo patsogolo pa chingwe, ndi chingwe chotalika kasanu kapena kuposa kuya kwa madzi. Amalume alonjeza kundilembera malo obisalamo amene asodzi amathawirako, mphepo iliyonse ndi malo ake. Mayi a kunyumba, amene sanalikondepo botili, atamva kuti amalume alowererapo anasiya kufunsa mtengo wa thanki.

Pali kanthu kena kakang'ono koma sindikufuna kukaiwala. Namasupuni wadzaza ku Hartbeespoort, ndipo mu mtsinje wa Vaal kumunsi kwa damu wakhala akuvutitsanso. Kwathu tikumudziwa kale mu Shire. Zidutswa ndi njere zake zimabisala pa ngolo, pa chingwe cha nangula ndi m'madzi otsalira pansi pa boti. Tisananyamuke ndidzatsuka zonse, kutsegula potulutsira madzi, n'kulisiya padzuwa liume bwinobwino.

Msewu ndi womwe tonse timaudziwa pa basi: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Kusiyana kwake n'kwakuti malire alionse adzafuna mapepala a zinthu zitatu, galimoto, ngolo ndi boti, kuphatikizapo nambala ya injini, ndiye ndayamba kale kusonkhanitsa m'faelo imodzi. Matayala apadera a ngolo ndinyamula awiri, ndi mabeyaringi ena opaka kale girisi.

Zotsala mwezi uno ndi kumangirira wailesi yolankhulirana ya VHF ndi mlongoti wake, kuika pampu yachiwiri yamanja yochotsera madzi, ndi kusoka lona la mthunzi, chifukwa dzuwa la Okutobala pa nyanja silichita nthabwala. Loweruka likudzali tikagona pa nangula mu mkono wa Wilge, ndi katundu yense, kuti ndione ngati batire yachiwiri ingasunge nyale ya pamlongoti ndi kafiriji mpaka kucha popanda kuliza injini. Alamu avomera kubwera, pokhapokha ngati zigubu nditunge ndekha.