Chidebe chimene chinkachedwetsa kiyibodi yanga

Kwa miyezi ingapo ndinkakhulupirira kuti vuto linali m'zala zanga. Ndikadina kiyibodi ya MIDI, yoimbira nyimbo yolumikizidwa ku kompyuta, kulira kwa synth, chida choimbira cha mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, kunkabwera m'mbuyo, ngati munthu woyankha moni mnzake atadutsa kale, ndipo pa nyimbo yothamanga ndinkasokonezeka ndisanafike pakati. Ndinagula audio interface, kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu pa kompyuta, koma kuchedwako sikunasinthe, chifukwa pulogalamuyo inali ikugwiritsabe ntchito driver wa Windows, kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi chipangizo cha mawu. Nditasankha driver wa ASIO amene anabwera ndi interface yomweyo, amene amalambalala njira yaitali ya Windows, mtima wanga unakhala pansi.

Komabe chimene chanditseguladi m'maso ndi buffer. Kompyuta situmiza mawu kadontho kadontho ayi. Imayamba yadzaza buffer, chidebe cha masampulo (tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu), kenako n'kuchipereka ku interface, ndipo woimba amadikira mpaka chidebecho chitadzaza. Ngati chili cha masampulo 512, pamene sekondi imodzi ikutenga masampulo 44,100, kudikirako ndi mamilisekondi pafupifupi 11.6. Chikakhala cha 128, ndi 2.9 okha. Popeza mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kuchedwa koyambako kuli ngati kuimba utaima mamita anayi kuchokera pa sipika, ndipo kwachiwiriko n'ngati mita imodzi. Nditawerengera zimenezi kuseri kwa kope langa, ndinamvetsanso chifukwa chake batani la direct monitor la pa interface silinkandithandiza: batanilo limabweza mawu olowa kudzera pa maikolofoni kapena gitala, pamene mawu a synth amabadwira m'kati mwa kompyuta, motero sangathawe chidebecho.

Panopa ndikamaimba ndimaika 128, ndipo ndikayamba kusakaniza nyimbo ndimakweza kufika pa 1024, chifukwa chidebe chaching'ono chimaithamangitsa kompyuta, ndipo ikalephera kudzaza pa nthawi yake mawu amathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ndikuona kuti njira imeneyi ndi yokwanira kwa aliyense, ndipo amene amathamangira kugula laputopu yatsopano asanaiyese akutaya ndalama.

Apa mpamene zimandiwawa. Aphunzitsi athu nditawafunsa, anangondiuza kuti kompyuta yanga ndi yofooka, n'kupitiriza phunziro la reverb. Kugawa nambala ziwiri pa bolodi kukanawatengera mphindi zisanu zokha, koma ine kunanditengera teremu yonse, usiku ndi usiku ndikaweruka kuntchito, maso akuwawa.

Dzulo ndinatsitsa kufika pa 64 ndi kuimba piyano yokha, popanda china chilichonse. Ndinamva ngati makiyi afewa ndipo mawu ali pansi penipeni pa zala, koma nditabwerera pa 128 ndinamvanso chimodzimodzi, moti mpaka pano ndikukayikabe ngati makutu anga akusiyanitsadi, kapena ndi nambala yooneka pa sikirini imene ikundinyengerera.