Mafuta a nsomba ndi miyendo ya Simba wanga

Galu wanga Simba wakwanitsa zaka 9, ndiye kuzizira kwa mu Juni kuja anayamba kuvutika podzuka m'mamawa, miyendo yakumbuyo kuuma gwaa, masitepe awiri okha a pakhonde amaima kaye nkumandiyang'ana. Zinandiwawa mumtima abale.

Adokotala a ziweto anati ndi nyamakazi, ndizimupatsa makapisozi a mafuta a nsomba, aja amati omega-3, chifukwa EPA ndi DHA, mitundu ya omega-3 imene ili mmenemo, imachepetsa kutupa molumikizana mafupa. Ndinafunsa za mafuta a flaxseed (njere za chomera cha flax), akuti ayi, thupi la galu limasandutsa pang'ono zedi ALA, omega-3 wa mmenemo, kukhala EPA. Cod liver oil (mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod) nayenso osangomwetsa mwachisawawa, mavitamini A ndi D amachulukitsa.

Ndimaboola kapisozi ndi singano nkufinyira pa nsima ndi usipa wake, amanyambita mpaka mbale kuyera. Sabata yoyamba anatsegula m'mimba poti ndinapyoza muyezo, tinachepetsa. Botolo limakhala mufiriji, mafutawa akatenthedwa amaonongeka.

Kusintha ndinakuona patadutsa masabata ngati 6. Dzulo wandichingamira kugeti akuthamanga, mchira uli pukupuku.