K500 Imene Inabwerera M'chitenje

Lero pa mwambo wa Pepa Sande kumpingo kwathu kuno ku Thyolo, ndinaona mayi ena achikulire, amene amathyola tiyi pa esiteti ina yapafupi, akumasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje chawo n'kutulutsa K500 yopindapinda. Woyendetsa mwambo anali atangolengeza dzina la mlendo wolemekezeka pamodzi ndi ndalama zimene wapereka, ndipo nthungululu zinali zisanazilale. Mayi aja atamva kuti aliyense atchulidwa dzina ndi kuchuluka kwa chopereka chake, anamanganso mfundo ija mwakachetechete, nabwerera kukakhala pa benchi yakumbuyo nkhope ili pansi.

Mtima wanga sunakhazikike mpaka tsopano. Ndikudziwa kuti denga la tchalitchi chathu likudontha ndipo malata akufunikadi mvula isanayambe, koma sindikuvomereza kuti tiwagule pochititsa manyazi anthu amene miyezi ino yachilimwe, pamene masamba a tiyi achepa ndipo ambiri aimitsidwa ntchito, akuvutika kupeza ngakhale ya mchere. Pa Marko 12, Ambuye Yesu anakhala moyang'anana ndi mosungiramo zopereka, ndipo amene anamuyamikira anali mkazi wamasiye wa tindalama tiwiri. Yakobo 2 amatidzudzula tikapereka mpando wabwino kwa wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aimirire apo. Ife lero tachita zomwezo, chimkuzamawu chili m'manja.

Abusa ndi akulu a mpingo, ndikupempha modzichepetsa kuti pa msonkhano wotsatira tikambirane zosiya kulengeza ndalama za munthu aliyense. Ine mawa madzulo ndipita kukawaona mayi aja kunyumba kwawo.