Zikomo nonse amene munatigwira dzanja thanki ya mafuta itang'ambika

Abale ndi alongo, tabwerera m'nyumba mwathu. Boila, makina ofunditsira nyumba, ikuyaka, m'zipinda mukufunda, ndipo ana ayambiranso kugona pamabedi awo. Mtima sukanandilola kukhala chete ngati kuti zonsezi tinazitha tokha.

Kwa amene simunamve, ife timakhala kumudzi, kunja kwa tauni ya Omagh ku County Tyrone. Kuno ku Northern Ireland nyumba pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zimafunditsidwa ndi mafuta, chifukwa mapaipi a gasi sanafike m'madera ambiri akumidzi. Mafutawo ndi parafini, fungo lake lomwe lija la koloboyi, koma amasungidwa m'thanki yapulasitiki ya malita oposa 1,000 kuseri kwa nyumba, n'kumayenda m'kapaipi ka kopa pansi panthaka mpaka ku boila. Thanki yathu inali yakale, ya khoma limodzi, youma ndi dzuwa ndi chisanu. Galimoto itangothira mafuta mu January, kulemera kwake kunatsegula mng'alu cham'munsi.

Oyamba kuwathokoza ndi agogo aamuna oyandikana nafe, mlimi wa nkhosa. Ndi iwo amene anamva fungo m'mawa nabwera kudzagogoda. Sanataye nthawi ndi mafunso. Anatseka valavu ya pathanki, n'kundituma sopo wamtanda, wouma uja. Anagwada pamatope ozizira, zala zitafiira, n'kumakhutiza sopoyo pamng'alu mpaka mafuta amene ankayenderera anayamba kungodontha. Pansi anatchera ndowa, pamene panali patanyowa anathirapo mchenga, ndipo pakamwa pa ngalande anatsekapo ndi thumba la mchenga. Mawu awo anali amodzi: musathirepo madzi, musatsukepo ndi sopo wamadzi. Madzi amangokankhira mafuta pansi panthaka ndi m'ngalande, ndipo ngalande yathu imakathira m'kamtsinje kolowera mumtsinje wa Camowen. Anatiimbitsanso foni ku NIEA, bungwe la boma loona za chilengedwe kuno, pa nambala yawo ya 0800 80 70 60 yodziwitsira za kuipitsidwa kwa madzi. Agogo, Mulungu akuwonjezereni masiku.

Zikomo kwa mmisiri wolembetsedwa ku OFTEC, bungwe lolembetsa amisiri a maboila ndi mathanki a mafuta, amene anabwera tsiku lomwelo kunja kutada kale. Anapopa mafuta otsala kuwaika m'thanki yongoyembekezera, anayeza kapaipi ka pansi kuti aone ngati nako sikakudontha, kenako anatichenjeza kuti tisamwe madzi a pampopi mpaka atayezedwa. Anati parafini amatha kulowa m'paipi yamadzi yapulasitiki ngakhale paipiyo ilibe bowo. Ndikaganiza kuti m'mawa uliwonse ndimaphikira ana phala ndi madzi omwewo, thupi limandizizira.

Eni nyumba nawo anachita zaumunthu. Tamvapo za anzathu okhala m'nyumba za lendi amene amasiyidwa okha zikavuta, koma awa anaimbira a inshulansi nthawi yomweyo, ndipo anthu anabwera kudzakumba dothi lonse lonunkha mafuta n'kukalitaya koyenera. Thanki yatsopano ndi ya makoma awiri, thanki mkati mwa inzake, ndipo yakunjayo imatha kusunga 110 peresenti ya mafuta a yamkati ikang'ambika. Ineyo ndikuona kuti nyumba iliyonse ya lendi imayenera kukhala ndi yotere.

Fungo linalowa mpaka m'makatani ndi m'zovala. Mitu inkatipweteka, wamng'ono ankatsokomola usiku, ndipo kutsegula mawindo m'nyengo yozizira ija boila ili yozima sikunali kotheka kupirira. Apa ndi pamene banja lina lachimalawi la kumpingo kwathu linatitenga. Amayi ndi abambo, munatipatsa chipinda cha ana anu, ana anuwo n'kumagona pabalaza osadandaula. Sitinamve ngati alendo ngakhale tsiku limodzi. Amayi a chigwirizano munabwera ndi ufa, nyemba, madzi a m'mabotolo ndi mabulangete, ena munanyamula zovala zathu kukachapa kwanu. Anzanga a kuntchito yosamalira okalamba munasinthana nane mashifiti popanda kung'ung'udza, pomwe nanunso munali otopa.

Amayi anga kumudzi, mapemphero anu a pa WhatsApp m'bandakucha ankatifika ndipo ankatilimbitsa mtima. Achimwene a ku Belfast, ndalama munatumiza ija ndi imene tinagulira mafuta oyambira m'thanki yatsopano.

Madzi anayezedwa ndipo atiuza kuti ali bwino. Loweruka likubwerali masana tidzakhala ndi pemphero lothokoza kunyumba kuno, ndipo nsima ya nkhuku idzakhalapo. Agogo oyandikana nafe avomera kubwera. Nonse amene munatithandiza, chonde bwerani ndi ana.