Kusefa ngongole pa Excel

Ku shopu yathu ya zipangizo zomangira kuno pa boma la Mangochi timagulitsa kwambiri pangongole, simenti, malata, misomali, ndiye mwezi ukatha abwana amafuna lipoti la anthu amene sanamalize kulipira. Ngongole zonsezi timazilemba pa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta ya matebulo. Kale ndinkawerenga mzere umodziumodzi mpaka maso kuwawa, koma pano ndimangodina Ctrl+Shift+L pa Excel, timivi timatuluka pamwamba pa kolamu iliyonse basi nkuyamba kusefa, kutanthauza kuonetsa mizere yokhayo imene ndikufuna, ina yonse nkubisika.

Chomwe ndinachedwa kumvetsa nchakuti ukasefa makolamu awiri, tinene ngongole yopitirira K100,000 komanso dera la Namwera, kompyuta imakuonetsa okhawo amene ali ndi zonse ziwiri. Ukafuna a Namwera pamodzi ndi a Makanjira ndiye umachonga mayina onsewo mu kolamu imodzi yomweyo ya dera.

Koma abale inu, chimene chinandipweteka mwezi watha ndi kalembedwe. Mu kolamu ya dera wina analemba Monkey Bay, wina Monkeybay, wina M/Bay, ndiye nditasefa makasitomala atatu anabisika, mnyamata wathu anapita pa njinga yamoto ulendo wonse uja kukatolera ndalama nkubwerako osawafikira, ndi mmene mafuta adulira masiku ano zinandiwawa zedi. Pano ndinaika Data Validation, munthu amangosankha dzina pamndandanda, zolemba yekha ayi.

Chinanso, mukasefa musaphatikize ndalama ndi fomula ya SUM chifukwa imawerengera ndi mizere yobisika yomwe. Ine ndimagwiritsa ntchito SUBTOTAL ya nambala 9, iyo imangophatikiza zomwe zatsala mukasefa.