Gitala ya "1962" yomwe ndinakaiona ku Limbuli

Mwezi watha achimwene ena ochokera ku Joni anandiimbira kuti ali ndi gitala ya Fender Stratocaster ya 1962, akuti orijino, vintage yeniyeni, ndipite ku Limbuli ndikaione. Ine ndimaimba lidi mu bandi ya kutchalitchi kwathu ku Chitakale ndiye mtima unangoti phaa, m'mawa mwake ndinakwera minibasi sikuludiraiva ili m'thumba.

Nditafika ndinayamba ndi kumutu kwa gitala. Nambala ya kufakitale inali pompo, yoyamba ndi MN. Apa ndinadziwiratu kuti nkhani yasintha, chifukwa za 1962 nambala imakhala pa kachitsulo kakumbuyo kamene kamagwira khosi ndi masikuluu anayi, zoika kumutuzi Fender anayamba mu 1976, ndipo MN ndi zopangidwa ku Mexico m'ma 1990. Komabe opanga feki nawo amamata nambala, ndiye ndinati achimwene mundilole ndimasule khosi, ndibwezera bwinobwino. Anazengereza kaye kenako anavomera. Ndinafewetsa mawaya, kumasula masikuluu aja, kunsi kwa khosi kuli chidindo cha 1996.

Iwo sankanama dala ayi, anawagulitsa choncho, ndipo mayinawa amasokoneza zedi. Vintage ndi yakale yeniyeni, ndipo yodula moopsa ndi yopangidwa mwini wake Leo Fender asanagulitse kampani kwa CBS, kampani ina ya ku America, mu 1965, imeneyo mtengo wake umaposa wa galimoto, singangopezeka pakhonde ili m'thumba la saka. Reissue ndi Fender yemweyo kupanganso motsanzira ya chaka chakuti, pamakhala "62" koma ndi dzina chabe. Replica ndi munthu wina kukopera. Pali relic, yatsopano koma amaikanda dala penti kuti izioneka yokalamba, izi ine zimandiwawa mtima. Squier musamaitche feki chonde, ndi ya Fender yomweyo yotchipa, inayamba 1982.

Gitala ya achimwene ija tinailumikiza ku kaampu kawo, ndinayesa siwichi malo onse asanu, fulete (tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala) iliyonse mpaka kumunsi. Mawu okoma bwanji! Volume yokha imakanda.

Kutsitsana kunatenga nthawi, anali atakhumudwa ndithu ndipo ndinawamvera chisoni. Tinagwirizana mtengo wa ya Mexico, theka ndinatumiza pa Airtel Money, lotsala kumapeto kwa mwezi. Pobwerera ndinailipirira mpando wake mu minibasi, kondakitala amafuna kuiponya kubuti pamodzi ndi madengu a nanazi.